Nkhono ndi mboni ya madzi akale

Ife a ku Angónia nyanja yamchere timangoimva. Ambiri timabadwa, kulima mbatatesi, mpaka kumera imvi osaiona. Komatu adzukulu anga, madzi saiwala khwawa. Mvula ya m'mapiri muno imanyambita miyala, n'kutengako mchere wosaoneka ndi maso, n'kutsika nawo mu Revúbuè, mu Zambezi pafupi ndi Tete, mpaka kunyanja. Kumeneko kankhono kamatola zimene phiri lataya, n'kumangira chigoba chake.

Chigobacho ndiye mboni. Mwa mitundu ya okosijeni wa m'madzi, iwiri yofunika pano ndi iyi: wopepuka wa nambala 16, ndi wolemera wa nambala 18. Madzi akazizira, chigoba chimatenga wolemerayo wambiri; akafunda, wochepa. Nzeru imeneyi anaitulukira Harold Urey wa ku Chicago mu 1947. Pofika 1951, iye ndi anzake anatenga chotsalira cha kanyama ka m'nyanja chofukulidwa pa chilumba cha Skye, cha zaka pafupifupi 150 miliyoni, nachipala mzere ndi mzere monga timawerengera zaka pa chitsa cha mtengo. Anapeza kuti kanyamako kanapirira nyengo zozizira zinayi, n'kufa kunja kukuyamba kufunda. Kopanda dzina, kopanda woika maliro, koma nyengo ya imfa yake yadziwika! Akulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mchere wina, strontium, umaulula kwawo. Wochokera m'miyala yakale ya kumtunda ngati yathuyi ndi wolemerako kuposa wotuluka m'ming'alu yotentha ya pansi pa nyanja. Zigoba za zaka 40 miliyoni zapitazi zikuonetsa wakumtundawu ukuchulukirachulukira, ndipo akatswiri ambiri amati gwero lake ndi kukokoloka kwa mapiri a Himalaya. Mboni zotere tili nazo kwathu konkuno: miyala ya laimu ya ku Cheringoma, ku Sofala, yadzaza zigoba za tizilombo ta m'nyanja ta zaka zoposa 30 miliyoni.

Chondisowetsa tulo n'chakuti Revúbuè yemweyo amadutsa ku Moatize, kumene kukukumbidwa malasha. Utsi wa malasha ndi wa mafuta, kulikonse kumene awotchedwa, uli ndi kaboni wopepuka, ndipo wayamba kale kuoneka m'miyala ya korali yomera masiku ano. Pa mpweya umenewu umene anthu timatulutsa, nyanja imamwa pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Ikamwa madzi amawawasa, ndipo m'madzi owawasa kankhono kamavutika kumanga chigoba.