Mfundo zisanu zofunika kwa ofufuza za kayendetsedwe ka boma

Masiku ano ana a dziko lino ambiri akulimbikira sukulu mpaka kufika pa digiri ya PhD. Ena mwa iwo akusankha kufufuza za kayendetsedwe ka boma: momwe makhonsolo amagwirira ntchito, momwe ndalama za chitukuko zimayendera, momwe mafumu ndi makhansala amagawanirana udindo. Tiyenera kunyadira zimenezi. Koma kodi kukoma kwa kafukufuku kumaoneka pa kunenepa kwa buku kapena pa choonadi chimene chili m'katimo? Tiyeni titsikire kuchigwa cha Golomoti, Mua ndi Mtakataka, tilingalire limodzi mfundo zisanu izi.

1. Funso labwino limabadwira pakati pa anthu. M'chaka cha 1998 Malawi adakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Papepala, pempho la mjigo kapena mlatho limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), n'kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kenako kukhonsolo. Komatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala. Ndani ankalankhulira anthu a kwa mfumu Kachindamoto kuchigwako pa zaka zimenezo? Nanga lero, pempho la anthu a ku Golomoti likakwera mtunda wa Khwekhwelere kupita ku Dedza boma, limafika lonse kapena limatayikira m'njira? Awa ndi mafunso oyenera udokotala. Tisatole mutu wa kafukufuku chifukwa choti ndi wosavuta kapena chifukwa opereka ndalama akuukonda. Tisankhe funso limene likusowetsa anthu tulo.

2. Pitani mukadzionere nokha. Sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo madzi ake amachokera mumtsinje wa Namikokwe. Wowerenga malipoti okha akadangoona ngalande za simenti ndi chiwerengero cha mahekitala. Koma ofufuza a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands adafika pamalopo, ndipo zimene adasindikiza mu 2009 zidaonetsa kuti alimi sadafunsidwe mokwanira pokonza sikimuyo, kagawidwe ka minda kadadzetsa mikangano, komanso m'chilimwe madzi ankangofika mbali yochepa ya mindayo. Kodi izi akadazidziwa ali pampando wa ndalema muofesi? Malipoti a boma ndi ofunika, ziwerengero n'zofunikanso, koma wofufuza wanzeru amaziyerekeza ndi zimene maso ake aona, ndi zimene mlimi wa kumapeto kwa ngalande wamuuza. Umboni umodzi sukwanira kugamulira mlandu.

3. Kumvetsera kumafuna kudzichepetsa. Tonse tikudziwa momwe zimakhalira mlendo wa galimoto akafika ndi mapepala a mafunso. Anthu amasonkhana pansi pa mtengo, amfumu akhala patsogolo, ndipo funso lililonse limayankhidwa kuti, "Zonse zili bwino, bwana." Mayi amene ali ndi dandaulo lenileni amangoyang'ana pansi, n'kumakonza chitenje chake. Wofufuza wa khalidwe amayamba walonjera eni mudzi, amafotokoza cholinga chake m'chinenero chawo, amapempha chilolezo cha munthu aliyense, ndipo amalonjeza kusunga mayina mwachinsinsi. Kenako amacheza ndi amayi paokha, achinyamata paokha, ngakhale amene sagwirizana ndi komiti. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo adatha zaka zambiri akuphunzira kwa akuluakulu a Chichewa, Chingoni ndi Chiyao asadasonkhanitse chuma cha chikhalidwe chimene timakachiona kumeneko lero. Akale adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kodi ife tingamvetse za ulamuliro wa mudzi titangokhalamo masana amodzi?

4. Kuona mtima ndiye msana wa kafukufuku. Mayesero ake ndi odziwika: kudzaza wekha mapepala a mafunso chifukwa dzuwa la kuchigwa lawawa, kukopera ntchito ya mnzako pa intaneti, kulipira munthu kuti akulembere, kubisa zotsatira zimene sizikondweretsa bwana wa kuntchito. Ambiri ofufuza za boma ndi ogwiranso ntchito m'boma momwemo, choncho mayesero omalizawa ndi aakulu. Koma tiganizire: ngati munthu wanama pa anthu amene adacheza nawo, adzanena zoona akadzapatsidwa ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) kapena bajeti ya unduna kuti aziyang'anira? Tilembe poyera njira imene tatsata, anthu amene tawafikira ndi amene talephera kuwafikira. Mphunzitsi wotiyang'anira akabweza mutu wina kuti tiulembenso, kapena oyesa akatipanikiza ndi mafunso, tisakwiye. Chidzudzulo chotere chimateteza dzina lathu ndi la sukulu yathu.

5. Nzeru zibwerere kwa eni ake. Mu 2022 ku Golomoti kudayamba kugwira ntchito malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Ntchito zazikulu ngati iyi zimabwera ndi mafunso a malo, chipukutamisozi ndi phindu la anthu ozungulira. Amene angafufuze zimenezi, kodi zotsatira zake zidzangogona pa shelefu ya laibulale ku Zomba kapena kunja? Anthu adapereka nthawi yawo, ena adasiya khasu m'munda kuti ayankhe mafunso. Ndi ngongole imeneyo. Tibwerere kumsonkhano wa ADC, tikafotokoze m'Chichewa chomveka, tikasiyenso mwachidule kukhonsolo. Tikumbukire kuti Blessings Chinsinga adafufuza za mphamvu ku anthu ndi umphawi pa udokotala wake ku Mainz, ku Germany, ndipo mu 2022 adadzakhala nduna ya maboma ang'onoang'ono. Wofufuza wa lero akhoza kukhala wolamula wa mawa.

N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza tonse. Makolo, tiwalimbikitse ana athu kuti asathamangire dzina. Mafumu ndi makomiti, tiwalandire ofufuza ndipo tiwauze zoona, ngakhale zowawa. Aphunzitsi a m'mayunivesite, musalole ntchito yosapsa kudutsa. Boma limayenda bwino likamadziwa zoona za anthu ake, ndipo kulibweretsera zoonazo ndi utumiki waukulu umene wophunzira angachitire dziko lake.