Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima

Mvula ya Disembala ikamatsika m'mapiri a Massangulo siodira. Thambo limang'ambika, ana amathawira m'nyumba, agalu amakabisala pansi pa nkhokwe. Wokulira kuno safuna womuuza kuti mphenzi n'chiyani. Pofunika kumasulira pamwambiwu ndi pa mawu akuti "wakwata kwa", chifukwa fupa lake lili pamenepo.

Kwathu kuno, kwa Ayao ndi Anyanja omwe, mwamuna akakwatira amanyamula khasu lake n'kukakhala kumudzi kwa mkazi. Ndi mkamwini. Munda umene akulima ngwa eni mbumba, ndipo apongozi amawaona m'mawa ndi madzulo. Tsono taganizani za munthu amene apongozi akewo ndi mphenzi. Sanapiteko kukacheza tsiku limodzi, wamangako nyumba. Ankhoswe anayendako asanalowe, iye mwini anaona kung'anima ali patali, komabe anavomera. Usiku woti kwagunda sangadzutse mudzi kuti umumvere chisoni. N'chifukwa chake akulu amanena mwambiwu kwa msodzi wa pa nyanja ya Amaramba amene akudandaula za mafunde, kapena kwa mlimi wa fodya amene akulira ndi ntchito ya pa nazale.

Ine tanthauzo lake linandilowa mwatsopano pomvetsera mlamu wanga, amene wakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera kudzaona makolo, tinakhala pakhonde mpaka usiku, iye akusimba za tsiku limene analowa mpikisano wa makhadi otchedwa poker m'nyumba ina ya njuga kumeneko. Sunali wa pa foni ayi, unali wa maso ndi maso, anthu asanu ndi anayi patebulo lililonse.

Mpikisanowu umayenda chonchi. Aliyense amalipira ndalama yofanana pakhomo, n'kulandira mulu wofanana wa timakobiri tosewerera. Pa makhadi 52, aliyense amapatsidwa awiri obisa, ndipo asanu amayalidwa pakati kuti onse agwiritse ntchito. Pamakhala ndalama yokakamiza imene awiri amaika makhadi asanagawidwe, ndipo imakwera nthawi ikamapita, kotero wongokhala phee kudikira makhadi abwino amadyeka pang'onopang'ono ngati chimanga cha anankafumbwe. M'mipikisano yambiri timakobiri tako tikatha basi, kwatha. Umadzuka, mpando wako n'kukhala wopanda munthu. Mwa anthu 100 olowa, olandirako kanthu amakhala pakati pa 10 ndi 15. Otsalawo amabwerera chimanjamanja, ndipo izi aliyense amazidziwa asanalipire.

Mlamu wanga anakhala patebulo maola asanu. Kenako anagawiridwa makhadi awiri a chilembo A, amene palibe owaposa poyambira. Anakankhira timakobiri take tonse pakati, ndipo mnzake wina anavomera atagwira ma 8 awiri. Makhadi atatu oyamba sanasinthe kanthu, lachinayi chimodzimodzi. Lomaliza linatembenuka 8.

"Alamu, sindinalakwitse kalikonse," anatero.

Ndipo n'zoona, sanalakwitse. Ma A awiri akakumana ndi makhadi awiri ofanana aang'ono amapambana pafupifupi kanayi pa maulendo asanu. Koma kanayi pa kasanu ndiye kuti ulendo wachisanuwo ulipo, ndipo tsiku lina umagwera iwe. Kumeneko ndiye kung'anima kwake. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti iye anadzuka, napatsa mnzakeyo dzanja, natuluka kukakwera minibasi. Ndalama imene analipira pakhomo anali ataipatula kale pa malipiro ake atatumiza ya kumudzi, ndipo anaiwerenga ngati yopita kuyambira pamene ankailipira.

Izi sizigwera osadziwa kusewera okha. Mpikisano waukulu padziko lonse, World Series of Poker, unayamba mu 1970 ku Las Vegas, ndipo kulowa gawo lake lalikulu ndi madola 10,000. Mu 2007 munalowa anthu 6,358. Bambo wina wa ku South Africa, Raymond Rahme, wa zaka 62, anakhala munthu woyamba wa ku Africa kufika pa tebulo lomaliza la gawolo. Anathera pa nambala 3, nalandira madola oposa 3 miliyoni, koma naye anadzuka pampando monga anadzukira mlamu wanga, mpikisano n'kupita kwa Jerry Yang. Mu 2024 olowa anali 10,112, wotsala pampando mmodzi yekha. Ukwati wa kumeneko ngwotero: onse adzatuluka kupatula mmodzi.

Apa ndiye ndimasiyana ndi ena amene amaunena mwambiwu. Ambiri amaugwiritsa ntchito pongotseka pakamwa munthu amene zamuvuta, ena pokulimbitsa mtima kuti upitirize ngakhale zikuipa. Koma mwambiwu uli ndi funso limene limabwera kung'anima kusanayambe: kodi unadziwa kumene ukukwata? Kulimba mtima kumene akulu akuyamikira ndi kwa munthu amene anafunsa, anawerenga mtengo wake, nalowa ndi zimene angathe kutaya. Wolowa m'chimbulimbuli mwambiwu sumuteteza.

Ndikunena izi chifukwa njuga ya kwathu kuno ilibe khomo lotulukira. Pitani pamsika wa Mandimba kapena m'malo ochitira malonda a m'mbali mwa msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, makamaka m'miyezi imene alimi agulitsa fodya, soya ndi nandolo. Mupeza anyamata atazungulira makhadi kuseri kwa golosale, ena maso ali pa foni kubetcha mpira wa ku Ulaya. Pamenepo palibe amene amakuuza kuti watuluka. Ndalama ya m'thumba ikatha umabwereka. Yobwereka ikatha umapinyolitsa foni, kenako njinga, kenako thumba la chimanga limene mayi a kunyumba anasungira mwezi wa February. Ukamufunsa munthu wotereyu amakuyankha ndi mwambi womwewu, ati wakwata kwa mphenzi. Ayi ndithu. Iye sanakwate yekha, wakokerako mkazi ndi ana amene sanafunsidwe, ndipo mphenziyo ikagwa imatentha denga limene onse agona pansi pake. Mashehe m'mizikiti ya ku Ngauma amaletsa njuga, ndipo kutchalitchi cha mishoni ya Massangulo, imene ansembe a Consolata anaikhazikitsa mu 1928, simudzamva woiyamikira. Ine sindikutsutsana nawo. Ndaona mabanja akupasuka ndi makhadi, ndipo zimandiwawa.

Chimene ndikuchitenga kwa mlamu wanga si makhadiwo, koma kudzuka kuja. Kutulutsidwa mumpikisano kumapweteka, iye mwini akuti usiku umenewo tulo sitinabwere, ankangoona 8 uja akutembenuka. Komabe ululuwo unali ndi malire amene anawaika yekha dzuwa likanali. Sanabwerere kukafuna kubweza, sananene kuti wogawa makhadi anamulodza, ndipo ana ake sukulu sanaisiye.

Ndinamufunsa ngati adzalowenso. Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kumapiri a kumalire ndi Malawi kumene mitambo inali itayamba kuda. Anati mwina, chaka chimene adzamalize kufolera nyumba ya mayi ake ndi malata. Kenako kunang'anima chakumadzulo, ndipo tinalowetsa mipando m'nyumba.