Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chako chenicheni ndi chomwe chakufika, osati chomwe wangochimvera mbiri.

Mu 2018 filimu ya Shemu Joyah, The Road to Sunrise, idapata mphoto ku Lagos pa Africa Magic Viewers' Choice Awards, monga idachitira filimu yotchedwa Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula mu 2016. Tidanyadira tonse. Koma lowani m'kanyumba ka vidiyo ku Chibavi kapena ku Zolozolo kuno ku Mzuzu dzuwa likapendeka. Anyamata apanikizana pamabenchi, chinsalu chakuda chili pakhomo, chimkuzamawu panja chikulira ndi zibakera za ku China, womasulira akuthira nthabwala m'Chichewa. Ameneyo ndiye fodya wawo.

Sindivomera zoti anthuwa sadziwa filimu yabwino. Nkhani ya amayi oyendayenda a ku Blantyre yomwe Joyah adajambula ikadawagwira mtima, pakuti amayi otere amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Chimandiwawa n'chakuti woweruza wa ku Lagos adaionera, pomwe wakabaza wa ku Mchengautuwa sinamufike pa memori khadi yake.