Botolo la Agogo Akuchigayo

Padangokhala mkulu wina m'mudzi wa kufupi ndi Bembeke, m'boma la Dedza, amene anali ndi pikapu yakale ya Toyota Hilux, ya injini ya dizilo ija amaitcha 3L. M'mudzi monsemo galimoto inali yomweyo. Odwala inkawathamangitsira kuchipatala, maliro inkakawatenga, ndipo nyengo yokumba kachewere ikafika, alimi ankasonkha ndalama ya mafuta kuti iwanyamulire matumba kupita kumsika ku Lilongwe. Mkuluyu ankayenda ndi mwana wa mlongo wake, mnyamata wofatsa amene ankakweza katundu, kutsuka galimoto ndi kuona madzi ndi oilo m'mawa uliwonse.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye alimi anamupatsa ndalama yoti akathire mafuta pa filing'i siteshoni. Madzulo ake, pochokera ku Lizulu, anaima m'mbali mwa msewu pamene anyamata ena ankagulitsa dizilo wa m'zigubu motchipa. Anathira zigubu ziwiri, ndalama yotsalayo n'kuipinda bwinobwino m'thumba la malaya.

"Zimene waonazi zithere pompano," anatero.

"Ndamva, malume."

Atatsala pang'ono kufika, kanyale kena kanayaka pa dashibodi. Mnyamata uja anakaloza, koma amalume ake anati ndi mawaya okalamba, akasiye.

Kutacha, nkhungu ili mbuu, chisanu chikuluma zala, matumba anali atamangidwa kale ndi zingwe ndipo eni ake ataima mozungulira. Mkulu uja anapotoza kiyi. Injini inalira, n'kutsokomola kangapo, kenako zii. Anapotozanso. Sitata inazungulira, koma injini osagwira. Anapitiriza osaipumitsa, mpaka kulira kwa sitata kunayamba kukoka, ndipo pomaliza kunangomveka kuti "tcha". Batire inali itatha.

"Ndi chisanuchi," anatero, naitanitsa madzi otentha n'kuthira pa injini. Sizinathandize. "Tiyeni tikankhe." Anyamata anavula majekete n'kuikankhira kumtsetse wopita kudambo. Koma injini ya dizilo imapanikiza mpweya koposa ya petulo, moti poponya giya matayala ankangokhukhuluzika pa dothi lonyowa ndi mame. Galimoto inakaima kumunsi, pafupi ndi madimba, kutali ndi msewu kuposa poyamba.

Apa mkulu uja anayamba kulankhula zoti alipo ena m'mudzimo amene chuma chake chimawawawa, ndipo maso a anthu anayamba kutembenukira kunyumba ya mkulu wina amene anakangana naye za malire a munda. Makaniko wachinyamata amene anamuitana kuchokera pa sitolo anafika pa njinga yamoto, natsegula boneti, nagwedeza mutu. Anati pampu ya dizilo yafa, aichotse apite nayo ku Lilongwe. Atatchula mtengo wake, mayi wina amene anali ndi matumba atatu pagalimotopo anangokhala pansi, dzanja lili patsaya.

Dzuwa litakwera, anatulukira agogo akuchigayo, mpango uli mbuu ndi ufa. Chimwalirireni amuna awo, chigayo cha dizilo ankachiyendetsa okha, ndipo injini yake ankaimasula ndi kuimanga ndi manja awo. Anapereka moni kwa onse, kenako anafunsa mwini galimoto modekha.

"Bambo, musanachotse kanthu, tandiuzani. M'mawa muja inakaniratu, kapena inalira n'kuzima?"

"Inalira pang'ono, agogo."

"Nanga dzulo inamwa chiyani?"

"Dizilo wa pa filing'i siteshoni," anayankha, maso ali kumbali.

Agogo sanatsutse. Anatuma mwana kukabwereka batire kwa mwini minibasi wa mudzi woyandikana nawo, ndipo podikira anapala mitu ya mawaya imene inali ndi zoyerayera mpaka inawala. Batire itafika anaimanga zolimba. Anauza mwini galimoto kuti atsegule kiyi koma asalize, iwo atatchera khutu pa pampu. Kanamveka kakuti "tcha".

"Kachitseko ka mafuta kakutseguka," anatero. "Nanga kanyale ka mahita kayaka?"

Kanali katayaka, ndipo patapita kamphindi kanazima monga mwa masiku onse. Agogo anafotokozera anyamata amene anawaunjirira kuti dizilo safuna mapulagi othetheka moto. Mpweya ukapanikizidwa mu injini umatentha kwambiri, dizilo akawazidwamo amayaka yekha, ndipo mahita ntchito yake ndi kuthandiza kutenthako kukazizira ngati kuno ku Dedza. Kenako anatuma mwana wa mlongo uja kuti akaime kumbuyo ayang'ane ekizozi.

"Lizani, koma ndikakweza dzanja musiye. Sitata ikatentha imapsa."

Injini inazungulira mwamphamvu. Agogo anakweza dzanja. "Utsi ulipo, mdzukulu wanga?"

"Palibe, agogo. Mphepo yokha."

"Ukanatuluka woyera wonunkha dizilo, ndikanati mafuta akufika koma sakupsa, ndiye tikanalimbana ndi mahita. Apa palibe choti chipse. Ndipatseni botolo loonekera mkati."

Anatchera botolo kunsi kwa fyuluta, namasula kotsekera ka pansi pake, n'kumadinikiza kapampu ka pamwamba ndi chikhatho. Botolo litatsala pang'ono kudzaza, analiimika pa mwala pamaso pa anthu onse. Posakhalitsa zamkatimo zinagawikana: pamwamba kadizilo pang'ono, pansi madzi ofiirira ndi matope.

"Madzi amalemera kuposa dizilo," anatero agogo. "Dzulo poyenda zinkasakanikirana, n'chifukwa chake munafika. Usiku madzi akhazikika pansi pa thanki, pomwe paipi imayamwira. M'mawa injini yatsiriza dizilo amene anatsala m'mapaipi, kenako yakumana ndi izi. Kanyale ka madzi sikanakuchenjezeni?"

Mkulu uja anatembenukira mwana wa mlongo wake. "Ndiwe! Potsuka galimoto unasiya thanki yosatseka!"

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kumutukwana mnyamatayo kuti waononga ulendo wa mudzi wonse. Iye anangozyolika, misozi ili lengelenge, osayankha kanthu, poti analonjeza. Ndipo kunena zoona, palibe chinthu chowawa kwa mwana ngati kusenza mlandu wa munthu amene amamulemekeza, iye mwiniyo akuonerera.

Agogo anatola botolo lija, nathirako pang'ono pachikhatho, nanunkhiza, kenako analipereka kwa mwini galimoto.

"Tanunkhizani, bambo. Madzi a pachitsime chathu sanunkha palafini. Mwanayu musiyeni."

Mkulu uja analigwira botolo nthawi yaitali. Anayang'ana mnyamatayo, nayang'ana mayi uja wa matumba atatu. Kenako anapisa dzanja m'thumba la malaya, natulutsa ndalama ija ili chipindire, naiika pa mwala pambali pa botolo.

"Ndinagula wa m'zigubu," anatero ndi mawu otsika. "Mwanayu ndinamuletsa kunena. Kanyale kanayaka, iye anandiuza, ine osamva. Mphwanga, undikhululukire. Inunso nonse, ndi achimwene aja ndinawaganizira zoipa."

Panali zii. Agogo ndiwo anayamba kulankhula, ndipo anangoti, "Mukananena m'mawa, bwenzi pano muli ku Lilongwe. Bweretsani mabeseni."

Ntchito inali yambiri. Anakhutula thanki yonse, ndipo makaniko uja anathamanga pa njinga yake kukagula fyuluta yatsopano ndi dizilo wabwino ku Dedza boma, ndalama yonse yochokera m'thumba la mwini galimoto. Atabwerako, agogo anapatsa mnyamata uja ntchito yodinikiza kapampu mpaka katalimba, kusonyeza kuti fyuluta yadzaza. Kenako anamupatsa sipanala ya 17 kuti amasule pang'ono manati a mapaipi opita ku ma injector.

"Ukatha chotsapo manja," anamuchenjeza. "Dizilo wa pamenepa amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu."

Analiza pang'onopang'ono, akupumitsa sitata. Poyamba panatuluka thovu ndi timadzi, kenako dizilo woyera anayamba kuthetheka pa nati iliyonse. Mnyamata anamanga manati onse anayi. Anadikira kanyale ka mahita kuti kazime, ndipo kiyi atapotozedwa injini inagwedezeka, n'kulavula utsi woyera wochuluka, kenako inakhazikika n'kumalira bwinobwino. Pampu ija inali yamoyo.

Msika wa tsikulo unali utawapita, ndipo ulendo wa m'mawa mwake mkulu uja sanalipiritse munthu. Madzulo omwewo anapita yekha kunyumba ya mnzake wa malire uja kukapepesa. Alimi anagwirizana kuti kuyambira pamenepo ndalama ya mafuta azipatsira mwana wa mlongo uja, ndipo amalume ake sanatsutse. Masiku amene galimoto inalibe ulendo, mnyamatayo ankalawirira kuchigayo, kumene agogo anayamba kumuphunzitsa kumasula injini.