Makasu Otchipa a Fisi

Padangokhala, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje munali Kamba, wosula makasu. Ankayenga chitsulo m'ng'anjo, ana ake akupopa mvukuto, ndipo khasu limodzi ankasinthanitsa ndi nkhuku zitatu.

Chaka china Fisi anawoloka ndi bwato lodzaza makasu a kutsidya, nʼkumagulitsa lililonse nkhuku imodzi yokha. Mudzi wonse unakhamukira kudoko. Ndani angawadzudzule alimi, poti nkhuku sizitoledwa? Pachipala pa Kamba moto unazima, ana ake nʼkuyamba maganyu.

Kamba anakagwada kubwalo kwa mfumu Njovu. "Zikomo mfumu, mumuletse Fisi, asadzapondenso kuno."

"Kutchipitsa si mlandu, a Kamba," inatero mfumu. "Mwina mnzanuyo wakuposani luso. Tiyambe tafufuza."

Inatuma Kalulu kutsidya. Kumeneko Kalulu anapeza kuti Fisi yemweyo amagulitsa khasu nkhuku zitatu, ndipo makala ndi chitsulo cha khasu limodzi zimamudyera nkhuku ziwiri. Madzulo pamowa anamumva akudzitama: "Ndiluze lero, palibe kanthu. Ng'anjo ya Kamba ikangogumuka, ana ake nʼkuiwala nyundo, khasu lidzakhala mbuzi yathunthu. Adzagula kwa yani wina?"

Mfumu sinathamangire kugamula. Inatumanso Gwape kukaona ngati Kamba sanadzigwetse yekha ndi ulesi kapena mowa. Gwape anapeza makasu olimba ataunjikana pakhonde, akuchita dzimbiri chibwerere Fisi.

Pamenepo mfumu inaitanitsa onse. "A Fisi, doko silitsekedwa. Koma pa khasu lililonse muzisiya msonkho wa nkhuku ziwiri, zomwe mumachotsera kuno, kwanu osachotsera."

"Zikhale zisanu, mfumu!" anachonderera Kamba.

"Ayi. Ndikukwirira dzenje lomwe Fisi anakumba, sindikukumangirani linga. Olima nawonso ndi ana anga. Pakatha zaka zisanu tidzakhalanso pansi, ndipo Fisi akadzaleka chinyengo chakecho, msonkho udzachoka."

Alimi ena anang'ung'udza ndithu, pakuti khasu la nkhuku imodzi linali litawakomera. Fisi sanasiye kubwera, koma tsopano wogula ankatenga makasu awiriwo, nʼkuwagogoda pamwala, nʼkusankha lolira bwino. Kamba anakaitana ana ake kumaganyu, nawauza kuti asoke mvukuto waukulu dzinja lisanafike.