Musamangochulukitsa Manambala, Kayezeni

Ana anga, inu amene mukuti mudzafufuza za kusintha kwa nyengo, khalani pansi tikambirane za methane. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha, koma pa zaka 20 umatenthetsa dziko pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide wolemera mofanana nawo. N'chifukwa chake mu 2021, ku Glasgow, mayiko oposa 100 analonjeza kuuchepetsa ndi 30 peresenti pofika 2030. Nanga munthu ungachepetse bwanji chinthu chimene kuchuluka kwake ukungoganizira?

Pali njira yachidule imene idzakukopani. Muwerenga ng'ombe za m'dziko, muchulukitsa ndi nambala ya m'buku yonena methane amene ng'ombe imodzi imatulutsa, kompyuta ikupatsani yankho, basi lipoti latha muli pampando. Njirayi si yoipa, koma dzifunseni kuti nambalayo inachokera ku ng'ombe ya ndani, yodya chiyani. Methane wochuluka wa ng'ombe amatuluka pogeya, osati kumbuyo monga ambiri amanenera moseka, ndipo kuchuluka kwake kumatsata chakudya. Ofufuza za ziweto a bungwe la ILRI ku Nairobi amalowetsa ng'ombe m'kachipinda kotseka n'kuyeza mpweya wotulukamo. Atayezanso ndowe za ng'ombe za ku Kenya, anapeza kuti zimatulutsa methane wochepa kusiyana ndi wa m'buku.

Musati buku limangokokomeza ayi, limachepetsanso. Mu 2018 kafukufuku wotuluka m'magazini ya Science anaonetsa kuti migodi ya mafuta ndi gasi ku United States imataya methane woposa wa m'kaundula wa boma ndi 60 peresenti. Chifukwa chake n'chomveka: masamu ankawerengera zipangizo zoyenda bwino, pamene zoonongeka zochepa chabe zinkadontha mpweya wambirimbiri popanda woziona. Ku Zambia nakonso, mu 2019, ndege ya ofufuza a ku Britain inauluka pamwamba pa madambo a Bangweulu, Kafue ndi Lukanga, n'kupeza methane wochuluka kuposa amene masamu a pakompyuta ankalosera.

Tsono mukatumidwa kukayeza methane m'munda wa mpunga, musadzione otsika. Mudzavundikira mapesi ndi bokosi, m'mphepete mwake mutamira m'madzi, n'kumakoka mpweya ndi jakisoni pakapita mphindi zoikika. Yalani thabwa loyendapo. Mukaponda matope pafupi ndi bokosi, thovu limene linabisala pansi lidzakwera lonse, ndipo nambala yanu idzanama inu osadziwa. Lembani nthawi, kuya kwa madzi ndi kutentha kwa dothi pomwepo, osati madzulo mutafika kunyumba. Mukapeza nambala yodabwitsa musaifute chifukwa yasemphana ndi kompyuta. Bwererani mawa mukayezenso, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso musatenge za bokosi limodzi la tsiku limodzi n'kuziyesa za dambo lonse chaka chathunthu. Pamenepo m'pamene masamu aja amafunika, ndiye aphunzireni ndithu.

Ena adzakuuzani kuti masatelayiti anathetsa ntchito yonseyi. Zoona, chipangizo cha TROPOMI, chimene chinakwezedwa kumwamba mu 2017, chagwira mapaipi ambiri odontha. Koma chimadalira kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pansi, ndipo pakakhala mitambo sichiona kanthu. Kuno mitambo imakuta thambo m'dzinja, nthawi yomwe madambo adzaza ndipo mpunga uli m'madzi. Wokayeza mu Januwale ayenera kuvula nsapato n'kulowa yekha m'matope.