Makolo akamabwera kudzadya chaka ku Vietnam

M'nyumba zambiri za ku Vietnam, kaya kumudzi kaya m'nyumba zosanja za ku Hanoi, malo olemekezeka koposa ndi guwa la makolo. Limakhala tebulo lalitali kapena shelufu yokhomedwa m'mwamba m'chipinda chochezera. Pamenepo pamakhala zithunzi za omwe anatsogola, nyali, maluwa, timakapu ta madzi, ndipo pakati penipeni mbale ya phulusa yozikamo timitengo ta lubani. Chikondwerero cha chaka chatsopano, Tết, chimatsata mwezi, choncho chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Mu 2025 chinali pa 29 Januwale. Anthu amakhulupirira kuti masiku amenewo makolo amabwera kudzakhala ndi ana awo, ndipo malangizo onse a nyengoyi agona pamenepo: kukubwera alendo, ndipo alendowo ndi eni khomo.

Ntchito imayamba kutatsala sabata. Pa tsiku la 23 la mwezi womaliza wa chaka chotsata mwezicho banja limatsazika Ông Táo, milungu itatu ya kukhitchini, amuna awiri ndi mkazi mmodzi, yomwe kale inkaimiridwa ndi zoumba zitatu zoterekapo mphika, monga mafuwa athu. Akuti tsikulo imakwera kumwamba kukanena zonse zomwe yaona m'nyumbamo chaka chathunthu. Amaiphikira chakudya, kenako n'kukamasula m'madzi nsomba zamoyo za mtundu wa carp zoti ikwerepo pa ulendowo. Nzeru imeneyi imandigwira mtima. Pabwalo aliyense amadzikongoletsa, koma mboni ya banja anaikhazika pamoto, pomwe mawu oipa amatulukira, pomwe mwana wamasiye amagawiridwa mpunga wochepa alendo osaona.

Milunguyo ikanyamuka, mabanja ambiri amayeretsa guwa. Mwa mwambo ntchitoyi ndi ya mutu wa banja kapena mwana wamwamuna woyamba, ngakhale lero amayi ambiri amaigwira. Munthu amayamba wasamba ndi kuvala modzilemekeza. Amayatsa lubani n'kuodira makolo, kupempha kuti amulole kugwira zinthu zawo. Madzi opukutira ndi ofunda, othiramo jinja wosinja, ena amaonjezeramo mowa wa mpunga. Nsalu yake ndi yatsopano kapena yosungidwira ntchito yomweyo. Kansanza kopukutira tebulo lodyera sikafika pamenepo. Amapukuta kuyambira m'mwamba kutsika.

Mbale ya lubani ndiyo imafuna mtima wofatsa. Chaka chonse anthu akhala akuzikamo timitengo, ndipo totsalira take tofiira tadzaza thothotho. Mbaleyo sainyamula mwachisawawa. Dzanja limodzi limaigwira kuti isasunthe, linalo likuzula kamtengo kamodzikamodzi, pang'onopang'ono kuti phulusa lisamwazike, mpaka patsale titatu, tisanu kapena tisanu ndi tiwiri. Tozulidwato amatiotcha, phulusa lake n'kukalithira mumtsinje kapena patsinde pa mtengo, kudzala ayi. Waphuma akhoza kukhuthula mbaleyo kamodzi n'kodzi, n'kumaliza madzi a tiyi asanawire. Koma kuchedwako ndiye mwambowo. Mwana amene waima pambali kugwirira atate ake nsalu amaona ndi maso kuti munthu wamkulu ngati ameneyo naye ali ndi omwe amawaopa. Amamvanso mayina: uyu ndi agogo ako, awa ndi omwe anabereka agogo akowo. Ulemu wophunzira motero sutha msanga.

Guwa likayera amalikonzera zakudya. Pamakhala mbale ya zipatso zamitundu isanu: kumpoto phava la nthochi zaziwisi silisowa, pomwe kummwera amakonda papaya, mango ndi kokonati. Pamakhalanso nkhuku yowiritsa ndi bánh chưng, mpunga womata wokhala ndi nyemba ndi nkhumba m'kati, womangidwa m'masamba mwa ngodya zinayi, womwe umawira pamoto usiku wonse banja likuchezera. Nthano ya chakudyachi ndi yofunika kuimva. Mfumu ina ya fuko la Hùng inauza ana ake kuti wobweretsa chakudya choyenera nsembe ya makolo ndiye adzalowe ufumu. Ena anakasaka zosowa kumapiri ndi kunyanja. Lang Liêu, yemwe anali wosauka pa onsewo, anangotenga mpunga wa m'munda n'kuukonza mosamala, ndipo ufumu unapita kwa iye. Wosauka womva nthanoyi alibe chifukwa chochitira manyazi ndi guwa lake.

Komatu makolo sabwera kudzaona tebulo lokha. Chaka chisanathe munthu amayenera kubweza ngongole, kubweza zomwe anabwereka kwa anansi, ndi kuthetsa mkangano ndi mbale wake. Banja limapita kumanda kukalambula ndi kukaitana omwe agona kumeneko. Tsiku lomaliza la chaka onse amasonkhana, wamkulu amayatsa lubani atagwira ndi manja awiri, n'kuitanira makolo kuchakudya. Amoyo amadya pambuyo. Masiku oyamba a chaka satukwana, sakalipira mwana, salonjerera ngongole, ndipo sasesa zinyalala kutulutsa kunja poopa kusesa mwayi. Amasamalanso za munthu woyamba kuponda pakhomo, moti waulemu sathamangira kunyumba ya wina m'mawa wa tsiku loyamba asanaitanidwe. Kuchezera nakonso kuli ndi ndondomeko: tsiku loyamba kwa abale a bambo, lachiwiri kwa abale a mayi, lachitatu kwa aphunzitsi. Zakusesa mwayi munthu akhoza kuzikayika, koma m'bale amene wakhululukidwa chifukwa agogo akubwera wakhululukidwa ndithu.

Owerenga ena afunsa ngati Mkhristu angachite nawo zimenezi. Funsoli linavutitsa Mpingo wa Katolika kwa nthawi yaitali. Mu 1742 Papa Benedict XIV analetsa miyambo yolemekeza makolo ya ku China, ndipo chiletsocho chinakhudzanso Akhristu a ku Vietnam. Mu 1939, m'nthawi ya Papa Pius XII, chiletsocho chinamasulidwa, ndipo mu 1965 maepiskopi a kummwera kwa Vietnam analola Akhristu awo kulemekeza makolo mwa mwambo wa kwawo. Lero m'nyumba za Akatolika ambiri zithunzi za makolo zimakhala m'munsi mwa mtanda, lubani akufuka. Mipingo ina imakanabe.

Pa tsiku lachitatu, kapena masiku pang'ono pambuyo pake, banja limaperekeza makolo. Limaphika chakudya chotsazikira, n'kuotcha ndalama ndi zovala za mapepala kuti apite nazo. Apa ndi pomwe mwambo wayamba kupotoka. Ena amagula nyumba, magalimoto ndi mafoni a mapepala, n'kuotcha mulu wonse kuti anansi aone, mpaka mu 2018 bungwe la Abuda la dzikolo linapempha kuti kuotcha mapepala kuleke m'malo awo opembedzera. Nsomba za Ông Táo nazo zili ndi vuto lake: wina amaiponya kuchokera pamlatho wa Long Biên mu Hanoi, n'kutaya jumbo yake mumtsinje momwemo. Munthu amene anasamba m'manja asanagwire mbale ya lubani sayenera kuchita zotero ndi madzi omwe akathiremo phulusa lake. N'chifukwa chake achinyamata odzipereka amaima pamlathopo pa tsiku lotsazika Ông Táo kulandira majumbo, ndipo ena amatsitsa nsombazo ndi ndowa yomangirira chingwe kuti zifike m'madzi zili zamoyo.